Mng'alu Wobisika wa ku Karonga

M'mwezi wa Disembala 2009, zivomezi zotsatizana zidagwedeza boma la Karonga, kugwetsa nyumba ndi kupha anthu. Mng'alu waukulu wodziŵika m'deralo ndi wa Livingstone, kutsidya kwa nyanja, koma si umene udasuntha.

Kodi akatswiri adadziŵa bwanji? Setilaiti yokhala ndi makina a rada imaponya mafunde pansi ndi kulandira amene abwerera. Poyerekeza chithunzi chojambulidwa chivomezi chisanachitike ndi cha pambuyo pake, akatswiri amayesa kusuntha kwa nthaka, ngakhale kwa masentimita oŵerengeka.

Zithunzi za setilaiti ya ku Japan yotchedwa ALOS zidasonyeza kuti udasuntha ndi mng'alu wina wosazama, pafupi ndi tauni ya Karonga. Rada sineneratu tsiku la chivomezi, koma imalozera omanga nyumba malo oyenera kusamala.