Makina akamalumpha pachikopa, yambani mwaona singano

Ife ndife amayi asanu ochita malonda pamsika wa ku Mchinji. Titapemphedwa kuti tiyankhulepo pa mwambo uno, tinagwirizana kuti tisabwere kudzadzitama ndi phindu. Tabwera ndi nkhani ya ngongole imene inatsala pang'ono kutimiza chifukwa cha singano.

Tinasoka zikwama za zitenje kwa zaka zambiri pa makina athu akuda opalasa aja. Tsiku lina mayi wina wa shopu ku Chipata anatipatsa oda ya zikwama 30 za chikopa, kuti zifike pakutha pa masabata atatu. Tinakongola ndalama ku banki mkhonde yathu, n'kugula zikopa za mbuzi zofufuta kale, ulusi wa nayiloni, guluu ndi mazipi.

Tsiku loyamba lomwe makina anayamba kulumpha. Amasoka bwino masitichi anayi kapena asanu, kenako n'kusiya mpata, ulusi uli lende pamwamba. Tsono chikopa si chitenje. Chitenje ukasomola, mabowo amatsekeka okha. Chikopa ukachiboola wachiboola basi. Pofika tsiku lachitatu tinali titawononga zikopa za zikwama zinayi. Tinaitana makaniko kawiri. Iye ankathira mafuta, kuyesa pakansalu, makina n'kusoka bwinobwino, ife n'kulipira. Akangochoka, vuto lija n'kubwerera. Tinafika pokambirana zokongolanso ndalama kuti tigule makina ena, ngongole pamwamba pa ngongole.

Anatipulumutsa ndi bambo wina wachikulire wosoka nsapato kuseri kwa msika. Anangotifunsa kuti, "Amayi, mwaikamo singano yanji?" Safunsa anadya phula. Zimene tikuuzeni panozi tinaziphunzira kwa iwo, zina tinazipeza poyesayesa tokha.

Choyamba, tidziwe mmene sitichi imamangikira. Singano ikatsika n'kuyamba kukwera, ulusi umapindika pang'ono kuseri kwake, kukhala ngati kakhwekhwe. Nsonga ya shatulo imadutsa, n'kukola kakhwekhweko, n'kukamanga ndi ulusi wa mu bobini. Kakhwekhwe kakapanda kupangika, kapena shatulo ikakaphonya, makina alumpha. Choncho funso ndi limodzi: n'chiyani chikulepheretsa ziwirizi kukumana? Poyankha, yambani ndi chotchipa, mumalize ndi chodula.

Chotchipa kwambiri ndi singano. Ife tinkasokera ya nambala 14, ya nsalu. Singano ya nsalu imadutsa pakati pa ulusi wa nsaluyo, koma chikopa chilibe mipata yotero, ndiye chimaigwira ndi kuipinda. Singano ya chikopa ili ndi nsonga yonga kampeni, imacheka njira yake. Papaketi pamalembedwa kuti Leather. Pachikopa chofewa gwiritsani nambala 16, chikakhuthalako nambala 18. Poika, ikankheni mpaka ifike pamapeto musanamange sikuluwu. Mbali ya kamzere kaatali iyang'ane kumene ulusi ukulowera, mbali yokumbika pamwamba pa diso iyang'ane ku shatulo. Chikopa chimabunthitsa singano msanga, choncho musaiumirire. Kutaya singano imodzi n'kwabwino kusiyana ndi kutaya chikwama.

Chachiwiri ndi ulusi. Ulusi wonenepa m'singano yaing'ono suyenda momasuka, ndipo kakhwekhwe sikapangika. Chotsani singano, lowetsani ulusi m'diso, gwirani ulusiwo mbali zonse n'kupendeketsa. Singano ikamatsetsereka yokha ndiye kuti zikugwirizana. Ikakakamira, tengani yokulirapo kapena ulusi wowondako.

Chachitatu, yang'anitsitsani chikopa pamene singano ikukwera. Mukaona chikopa chikunyamuka pamodzi ndi singano, ulusi nawo ukukwera limodzi, ndipo shatulo ikupeza palibe chokola. Mangitsani sikuluwu ya pamutu pa makina imene imapanikiza phazi, pang'onopang'ono, kufikira chikopa chitakhala pansi. Ngati chikopa chikumatirira kuphazi osayenda bwino, gulani phazi la Teflon kapena lokhala ndi kawilo. Popanda zimenezo, yalani pepala lopyapyala pamwamba pa chikopa, musoke, kenako mung'ambe pepalalo. Talikitsaninso sitichi ifike mamilimita 3 kapena 4. Mabowo oyandikana kwambiri amadula chikopa ngati lumo.

Chachinayi ndi guluu. Popeza chikopa sitibaya mapini, timamata kaye tisanasoke. Ife tinkapaka wambiri n'kusoka asanaume. Guluuyo amamatirira kusingano, ulusi n'kukakamira pomwepo. Pakani pang'ono m'mphepete, patali ndi mzere wosokamo, mudikire aume. Singano ikayamba kunata, ipukuteni ndi kansalu konyowetsa sipiriti.

Chachisanu ndi malo okhuthala, monga pamene lamba wa chikwama akumana ndi msoko. Pamenepo phazi limapendekera ngati galimoto yokwera chitunda, osapanikizanso bwino. Sendani m'mphepete mwa chikopa ndi mpeni wakuthwa kuti mupyapyale, sasanthani msoko ndi nyundo, ndipo ikani kachidutswa kopinda kumbuyo kwa phazi kuti likhale mowongoka. Mukafika pamenepo siyani kupalasa, zungulizani wilo ndi dzanja.

Zonsezi zikakanika, pamenepo ndiye muitane makaniko, chifukwa mwina nthawi ya shatulo yasuntha. Nsonga yake iyenera kufika pasingano pamene singanoyo yakwera pafupifupi mamilimita 2 kuchokera pansi penipeni, n'kudutsa pamwamba pang'ono pa diso. Koma musamulole kuyesera pansalu. Mpatseni chidutswa cha chikopa chomwecho, chopinda mmene mukusokeramo, asoke inu mukuona, kenako mulipire.

Ngati makina alumpha kale pachikwama, musasomole msoko wonse. Bwererani pamene palumphapo, zungulizani wilo ndi dzanja, singano izilowa m'mabowo omwewo, ndipo mumange ulusi kuseri.

Tinenenso chilungamo. Makina athu a m'nyumba ali ndi malire. Chikopa chofewa cha mbuzi kapena cha nkhosa amachitha, koma chikopa chokhuthala cha ng'ombe, chonga cha malamba, chimafuna makina amphamvu okhala ndi phazi loyenda. Amenewo tikuwasungira ndalama m'masheya, sitikongolanso mothamanga.

Zikwama tinakapereka mochedwa ndi masiku asanu, 26 m'malo mwa 30. Mayi uja anadandaula, koma analandira. Ngongole tinabweza pamodzi ndi chiwongoladzanja chake, ngakhale phindu linali lochepa moti tinkachita manyazi kulitchula. Tikanakongola zogulira makina ena, bwenzi lero tikukuzembani m'malo moima pano.

Pempho lathu ndi ili. Singano za chikopa sizipezeka m'misika yonse. Inu amene mumafika ku Lusaka, ku Harare kapena ku Johannesburg, mukamagula katundu wanu muziwatengerako anzanu paketi imodzi ya nambala 16 ndi ina ya 18. Sizilemera, zimakwana m'kachikwama ka ndalama. Ndipo mayi aliyense wofuna kukongola kuti ayambe kusoka zikopa, gulu limufunse kaye ngati wayesera pachidutswa.