KASUNGIDWE KA BATIRE M'CIRIMWE

M'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi, mwezi wa August ukatha, anthu atabwerako ku Kulamba ku Mkaika ndipo cimanga citapita ku misika, mathirakitala ndi malole ambiri amaimikidwa pansi pa mtengo kulindira dzinja. Mvula yoyamba ikagwa mu November, mwini thirakitala akwera napotoza kiyi, koma injini iri duu. Pamene iye ali pa ulendo wokafuna batire lina ku Chipata, anzace atsiriza kale kulima. Paja akulu anati m'mera mpoyamba.

Cimene cimapha batire kawirikawiri ndico kukhala cabe. M'kati mwace muli zipinda 6, ndipo m'cipinda ciri conse muli mapuleti a mtobvu omizidwa m'asidi. Likaleka kugwira nchito, moto wace umacepa pang'onopang'ono, makamaka m'kutentha kwa October. Pamenepo pa mapuleti pamamera tinthu toyera tochedwa salifeti, ndipo tikaumirira kwa miyezi sitisungunukanso. Batire lotere silisunganso moto, ngakhale mwini wace alichaje usiku wonse.

Cifukwa cace mlimi wanzeru asanaimike thirakitala amayamba walidzaza batire. Kenaka amamasula mawaya, kuyambira wa ku mutu wa cizindikiro ca kucotsa (−), nalisunga pa malo ozizira ndi ouma. Pamwamba pace amatsukapo ndi madzi a soda, ndipo pa mitu iwiri ija amapakapo girizi.

Mwezi uli wonse amaliyesa. Batire lodzaza limaonetsa mavoloti 12.6, likatsika pansi pa 12.4 liyenera kuchajidwa msanga. Kuliza injini kwa kanthawi kocepa sikuthandiza, popeza moto umene wapita poiliza subwerera wonse. Kumidzi kumene kulibe magetsi, sola yaing'ono ingathe kulisunga lodzaza, malinga iri ndi kabokosi koletsa moto kupitirira muyeso.

Ngati batire liri la zitsekerero ndipo madzi acepa, amathiramo madzi a batire a m'sitolo kufikira mapuleti atamira. Madzi a pa citsime amaononga mapuleti, ndipo asidi saonjezamo ai. Pochaja pamaturuka mpweya wosacedwa kuyaka, motero wosuta fodya ndi mwana wa koloboi akhale kutali.

Nchito yonseyi siifika ora limodzi pa mwezi, koma mlimi woicita adzalowa m'munda m'mawa mwace mvula itagwa.