Dizilo wa Sulfure ndi Galimoto Zatsopano ku Chinzombo

Nkhani ya lero ndi ya mafuta a dizilo, ndipo ikhudza makamaka anthu a ku Chinzombo, m'boma la Mambwe, kumene galimoto si cinthu codzitamira naco ai, koma ndiyo khasu lodyera. Chinzombo ali m'mbali mwa mtsinje wa Luangwa, moyang'anana ndi nkhalango ya nyama ya South Luangwa. Kumeneko alonda a nyama a Boma ali ndi maofesi ao, ndipo pafupi pomwepo pali misasa ya alendo odzaona njobvu ndi mikango. Onsewa amayenda pa galimoto zokhala ndi bodi kumbuyo, zimene anthu amazicha vaneti, ndipo pafupifupi zonse zimamwa dizilo.

Tsono dizilo sali wofanana. M'mafuta ocokera pansi pa nthaka mumakhala mankhwala ochedwa sulfure, dzina limene owerenga Buku Lopatulika analimva kale pa nkhani ya Sodomu. Oyenga mafuta akhoza kumcotsa, koma nchitoyo imafuna makina a mtengo wapatali. Cifukwa cace maiko ena amagulitsa dizilo woyeretsedwa kwambiri, ena wosayeretsedwa bwino, ngakhale kuti m'botolo onse aoneka cimodzimodzi.

Dziko la Zambia linakhala zaka zambiri pa dizilo wa sulfure wambiri. M'caka ca 1968 anatsegula mpope wa TAZAMA, wotalika makilomita 1,710 kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, ndipo m'caka ca 1973 nyumba yoyengera mafuta ya Indeni inayamba nchito ku Ndola komweko. Dizilo wa ku Indeni ankaloledwa kukhala ndi magawo 5,000 a sulfure pa magawo miliyoni imodzi. Ciwerengeroco cimveka cacing'ono, koma ndiko kuti m'dramu limodzi la malita 210 munkakhala sulfure wolemera pafupifupi kilo imodzi. Nthawi yomweyo ku Amereka anali atatsitsa muyeso kufika pa 15 m'caka ca 2006, ndipo ku Ulaya pa 10 m'caka ca 2009.

Galimoto zakale za m'cigwa zinapirira. Land Cruiser ya injini yochedwa 1HZ, imene inayamba kupangidwa m'caka ca 1990, iribe zocenjeretsa zambiri, ndipo imameza ciri conse cimene aithira. Komabe nayonso imalipira. Sulfure akapsa m'injini amasanduka mpweya umene, ukakumana ndi cinyezi, umabala asidi. Asidiyo amatsikira m'oilo, namufooketsa msanga, ndipo oilo akatha mphamvu zitsulo zimayamba kudyeka. Amakaniko anzeru ankasintha oilo kawiri pamene buku la galimoto linati kamodzi, ndipo injini zao zinakalamba bwino.

Vaneti zatsopano zopangidwira misika ya ku Ulaya, ku Japan ndi ku Amereka ziri ndi nkhani yina. Maboma a kumeneko analetsa utsi wakuda, pakuti umadwalitsa mapapu, motero opanga galimoto anaika sefa m'njira yoturukira utsi, yochedwa DPF, yogwira mwaye. Sefayo ikadzala, kompyuta ya galimoto imaonjezera dizilo pang'ono kuti utsi utenthe kufika pafupifupi madigri 600, mwayewo upse ndi kutha. Cimene cimathandiza motowo ndi kacitsulo ka mtengo wapatali ka platinum kopakidwa m'kati mwa njira ya utsi. Sulfure amakuta kacitsuloko monga momwe utomoni umakutira mpeni, ndipo pamwamba pace amaonjezera zinyalala zace m'sefa. Mwaye umaunjikana, nyali imayaka patsogolo pa dalaivala, ndipo kompyuta imacepetsa mphamvu ya injini kuti ingaonongeke. Galimoto yogulidwa ndi ndalama zambiri imayamba kukwawa ngati kamba. M'tauni cimeneci ndi cokwiyitsa cabe. Koma madzulo m'chire la Luangwa, pakati pa njobvu, kapena m'matope a dzinja, ndi ngozi yeniyeni, ndipo mmisiri wa makina oyezera kompyuta ali ku Chipata, mtunda woposa makilomita 100, kapena ku Lusaka kumene.

Zinthu zinasintha. Maiko a Tanzania, Kenya, Uganda, Rwanda ndi Burundi anatsikira pa magawo 50 m'caka ca 2015. Indeni inaleka kuyenga mafuta m'caka ca 2021, ndipo kuyambira 2023 mpope wa TAZAMA umanyamula dizilo woyengedwa kale wa sulfure wocepa. Pa muyeso wa 50, sulfure wa m'dramu lija sakwana magalamu 10.

Komatu wogula vaneti ku Chinzombo asafulumire kuomba m'manja. Magawo 50 aposa kasanu muyeso wa ku Ulaya. Coposa apo, nchito ya m'cigwa ndiyo mdani wa sefa ija. Galimoto yoonetsa alendo nyama imayenda pang'ono pang'ono maora atatu kapena anai, kuima pa mvuu, kuima pa mbalame, ndipo utsi wace sutentha mokwanira. Kompyuta ikayamba kuocha mwaye dalaivala nazimitsa injini nchito iri pakati, dizilo woonjezera uja amatsikira m'oilo ndi kumsungunula. Mankhwala ace ndi apafupi: galimoto yotere iyenera kuthamangitsidwa kawiri kawiri pa mseu wa tara wopita ku Chipata, mphindi 20 kapena 30 osaima, ndipo oilo wace akhale wa phulusa locepa monga linena buku lace.

Palinso nkhani ya madramu ndi zigubu. Misasa ya kutali imasunga dizilo miyezi yambiri, ndipo kutentha kwa usana ndi kuzizira kwa usiku kumabala madzi m'kati mwa dramu. Injini zatsopano zimapopa mafuta ndi mphamvu yaikuru kupyola m'timabowo tating'ono ngati tsitsi, kotero kuti madzi pang'ono kapena fumbi zimaononga zipangizo zimene mtengo wace ungagule ng'ombe zingapo. Dizilo wa m'cigubu ca m'mbali mwa mseu, amene mwini wace sadziwa kumene anacokera, kapena wosakanizidwa ndi parafini, sayenera kulowa m'thanki yotere.

Ena amangocotsa sefayo ndi kusintha kompyuta. Galimoto imayenda ndithu, koma utsi umabwerera kwa alendo okhala kumbuyo ndi kwa ana a m'mbali mwa mseu wa ku Mfuwe. Njira yabwino ndiyo kufunsa ndalama zisanaturuke m'thumba: kodi vaneti iyi anaipangira dziko liti, ndipo iri ndi sefa ya mwaye kapena ai? Opanga galimoto amatumiza ku maiko ambiri a mu Afirika mitundu yopanda sefayo, ndipo nambala ya chasisi imaulula kumene galimoto iri yonse inapangidwira.