Moto wa Pamadzi: Zojambula za Eni Nthaka pa Doko la Sydney

Nkhani ndakutengerani ndi yakutali, ya kutsidya kwa nyanja yamchere, m'dziko la Australia. Kumeneko kuli anthu amene makolo awo akhala pa nthaka imeneyo zaka zoposa 50,000, ndipo azungu pofika anapeza akulankhula zilankhulo zoposa 250. Dziko limawatchula kuti Aaborijini, koma iwo eni ali ndi mayina a mitundu yawo: Gadigal, Wangal, Yolngu ndi ena ambirimbiri.

Kuyambira 2009, mzinda wa Sydney umachita chikondwerero cha kuwala chotchedwa Vivid Sydney. Chimayamba kumapeto kwa Meyi n'kutha pakati pa Juni, nyengo yozizira ngati kwathu kuno. Dzuwa likangolowa, makina amphamvu amaponya zithunzi zoyenda pa makoma ndi madenga a nyumba zikuluzikulu za m'mphepete mwa doko, madzi nawo n'kumabweza kuwalako. Nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi zaluso zimene zili pagombe pomwepo, monga Museum of Contemporary Art ndi Australian National Maritime Museum, zimasanduka nsalu yoonetserapo kanema. Anthu amakhamukirako ndi ana kumanja, mafoni m'mwamba.

Mu 2016 denga loyera la Sydney Opera House, looneka ngati matanga a ngalawa, linavekedwa zojambula za amisiri asanu ndi mmodzi a mtundu wa eni nthaka, motsogozedwa ndi mayi Rhoda Roberts. Chaka chotsatira, 2017, nyumba yomweyo inayamba kuonetsa zojambula zoterezi madzulo alionse, n'kutcha chionetserocho Badu Gili, mawu a chilankhulo cha eni ake a malowo otanthauza kuwala kwa pamadzi.

Dzina limeneli lili ndi mbiri. Magetsi asanafike, padokopo pankayaka kale moto. Amayi a kumeneko ndiwo anali asodzi a mbedza. Ankapalasa mabwato a khungwa la mtengo otchedwa nawi, mwana pamwendo, ndipo pakati pa bwato ankamatapo dothi n'kusonkhapo kamoto kootha, kounikira ndi kootchera nsomba. Mbedza ankasema kuchokera ku chigoba cha nkhono. Azungu oyamba, amene anafika mu Januwale 1788, analemba za timoto timeneti tikuyandama padoko. Amene munaonapo nyali za asodzi a usipa zitandanda usiku panyanja yathu mukhoza kuchiona chithunzichi m'maso mwanu.

Akulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Alendo awa sanakamuke. Mu 1789 nthomba inasesa anthu a padokopo, ambiri n'kufera m'mapanga ndi m'magombe osowa wowaika. Milu ya zigoba za nkhono imene mibadwomibadwo inasiya pamalo odyera inatenthedwa kuti ikhale njereza yomangira nyumba za atsamunda. Pamene paima Opera House lero eni ake ankapatcha Tubowgule. Dzina la tsopano, Bennelong Point, ndi la mwamuna wa mtundu wa Wangal amene anagwidwa mokakamiza mu 1789 kuti akhale womasulira wa bwanamkubwa. Choncho zojambula za eni nthaka zikamawala pa denga limenelo, zikuwala pa malo amene makolo awo anachotsedwapo.

Funso limene ine monga mphunzitsi ndimalipima n'lakuti: kodi khamu loimirira pagombe lija likuona chiyani? Ambiri akuona mizere ndi timadontho tokongola, akujambula, akupita kukagula chakudya. Pofuna kumvetsa chimene chili m'mizeremo, tilowe mkati mwa Australian National Maritime Museum, pa Darling Harbour. Nyumba imeneyi imasunga makungwa 80 ojambulidwa, otchedwa Saltwater Collection, ochokera ku Yirrkala, kumpoto kwenikweni kwa dzikolo, mtunda woposa makilomita 2,000 kuchokera ku Sydney.

Mbiri yake ndi iyi. Mu 1996 anthu a mtundu wa Yolngu anapeza msasa wa asodzi olowa mwakuba pa malo opatulika otchedwa Garrangali, kwawo kwa Bäru, ng'ona imene fuko la Madarrpa limaitenga ngati kholo lawo. Pamsasapo panali zinyalala ndi mutu wa ng'ona woduladula. Kwa eni ake chinali chipongwe chofanana ndi kufukula manda. Akanatha kunola mikondo. M'malo mwake mtsogoleri wawo, Djambawa Marawili, pamodzi ndi akuluakulu a mafuko ena, anagwirizana kuti ajambule nyanja yawo yonse, gombe ndi gombe, kuti alendo aone kuti madziwo ali ndi eni, ali ndi mayina, ali ndi malamulo. Amisiri 47 anagwira ntchitoyi.

Kajambulidwe kake n'kofuna mtima wodekha. Khungwa amasenda nyengo ya mvula pamene mtengo uli ndi madzi, amaliwamba pamoto, n'kulitsindika pansi kuti liwongoke. Utoto ndi wa m'nthaka: dothi lofiira, lachikasu, loyera, ndi wakuda. Timizere topyapyala amajambula ndi kaburashi ka tsitsi la munthu. Koma chachikulu ndi ichi: fuko lililonse lili ndi kalembedwe kakekake, kamene amakatcha miny'tji, ndipo munthu sajambula ka fuko lina popanda chilolezo, ngakhale akhale mmisiri wotani. Ka fuko la Madarrpa ndi timakona tolumikizana ngati unyolo, toimira moto umene nkhani yawo imati Bäru analowa nawo m'nyanja. Wodziwa kuwerenga akayang'ana khungwalo amadziwa kuti awa ndi madzi a gombe lakuti, mwini wake ndi fuko lakuti, ndipo nyimbo yake pamaliro ndi yakuti. Khungwa limodzi ndi mapu, ndi mbiri, ndi chikalata cha umwini wa malo.

Sikanali koyamba kuti Ayolngu alankhule ndi boma kudzera m'khungwa. Mu 1963, boma litapereka gawo la dziko lawo kuti akumbemo miyala yopangira aluminiyamu osawafunsa, anatumiza madandaulo ku nyumba ya malamulo ku Canberra, olembedwa m'chilankhulo chawo ndi m'Chingerezi, atamatidwa pa makungwa ojambulidwa m'mbali. Mlandu umene unatsatira anagonja mu 1971, koma mu 1976 panabwera lamulo lobwezera eni ake nthaka m'chigawo cha Northern Territory. Chinatsala chinali madzi. Makungwa 80 aja anayenda m'mizinda kuonetsedwa, nkhani inakalowa m'khoti, ndipo mu Julaye 2008 bwalo lalikulu la milandu la dzikolo linagamula, pa mlandu wa Blue Mud Bay, kuti m'mbali mwa nthaka ya eni ake palibe wololedwa kulowa kapena kusodza pakati pa pamene madzi amalekeza akadzaza ndi pamene amalekeza akaphwa, pokhapokha atapempha. Chigamulochi chinakhudza pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse a gombe la chigawo chonsecho.

Pojambula makungwawo akuluakulu anachita kukhala pansi n'kupima kuti aulule zingati. Nkhani zawo zili ndi mbali ya kunja, imene mwana ndi mlendo angamve, ndi mbali ya mkati, ya okhawo olowa mwambo. Izi kwa ife si zachilendo: chimene chimavinidwa pabwalo aliyense amaona, koma za kudambwe zimatsala kudambwe. Anaulula zokwanira kuti woweruza amvetse, zotsalazo anasunga. Ulamuliro umenewu, wosankha choonetsa ndi chobisa, ndi umene ine ndimayesera nawo chikondwerero chilichonse cha magetsi. Makina oponya zithunzi sadziwa mwambo. Angathe kukuza chithunzi kufika pa msinkhu wa nyumba yosanja, kuchidula pakati, kuchivinitsa motsatira ng'oma ya wina. Ngati mwini chithunzi sanakhale nawo popanga zimenezi, chatsala ndi chokongoletsa khoma basi.

Dziko limenelo linaphunzira izi movutikira. Mu 1966 ndalama yapepala ya dola imodzi inatuluka ndi chojambula cha David Malangi, chonena za mwambo wa maliro a fuko lake, iye osadziwa. Anamulipira pambuyo pake nkhani itamveka. Mu 1994 khoti linalamula kampani ina kulipira amisiri, mmodzi mwa iwo mayi Banduk Marika wa ku Yirrkala, chifukwa zojambula zawo zinasindikizidwa pa makapeti opangidwa ku Vietnam, anthu n'kumaponda ndi mapazi nkhani za makolo. N'chifukwa chake masiku ano zionetsero monga Badu Gili amazitsogolera ndi eni nthaka, mmisiri aliyense amatchulidwa dzina ndi mtundu wake, ndipo nyumba zosungiramo zinthu zakale zimachenjeza polowera ngati mkatimo muli nkhope kapena mawu a munthu amene anamwalira, popeza mitundu yambiri kumeneko siitchula dzina la malemu mpaka papite nthawi.

Tisanamizane kuti kuwala kwathetsa zonse. Badu Gili inayambika pokumbukira zaka 50 chichitikire chisankho cha 1967, pamene anthu oposa 90 pa 100 alionse anavomera kuti eni nthaka aziwerengedwa pamodzi ndi nzika zina zonse. Koma pa 14 Okutobala 2023 dziko lomwelo linafunsidwa ngati malamulo ake aakulu angakhazikitse bungwe loti eni nthaka azilangizira nyumba ya malamulo pa nkhani zowakhudza, ndipo pafupifupi anthu 60 pa 100 alionse anakana. Miyezi yochepa izi zisanachitike, khamu linali litadzaza pagombe la Sydney kuombera m'manja zojambula za anthu omwewo.