Tizidole ta pa Mtengo wa Khrisimasi: Mawu Olankhulidwa pa Chikondwerero cha Amayi

Akomiti anandipempha kuti ndilankhulepo za ntchito zamanja, ndipo ine ndasankha kanthu kamodzi kakang'ono kamene kayamba kuutsa mtsutso m'makomo ena: tizidole tokoloweka pa mtengo wa Khrisimasi.

Ambiri a ife tinakula osaudziwa mtengo umenewu. Kumudzi Khrisimasi inali mapemphero, mpunga, nkhuku ndi chovala chatsopano, basi. Koma ana athu a m'tauni, ndi ena amene ali ku Johannesburg, ku Harare kapena ku Britain, amauimika pabalaza chaka ndi chaka. Tsono mdzukulu akaona agogo ake agwira ulusi, sapemphanso nyenyezi kapena mngelo ayi. Amati, agogo, mundilukire Spider-Man. Dzinali lisakudodometseni, ndi munthu-kangaude wofiira uja mumamuona pa malaya a ana a pakaunjika ndi pa zikwama za kusukulu. Nanga mayi wachikhristu atani? Aluke kodi? Akaluka, angathe kugulitsa pa tsiku lathu la malonda? Nanga m'tchalitchi angakolowekemo?

Tisanayankhe, tiyeni tione kumene mwambowu unachokera. Kwawo kwa mtengo wa Khrisimasi ndi ku Germany. Kalekale kumeneko ankachita sewero la Adamu ndi Hava pa 24 December, ndipo pabwalo la sewerolo ankaimika mtengo atapachikamo maapozi. Pambuyo pake anthu anayamba kuulowetsa m'nyumba zawo, nawonjezamo timikate, mtedza ndi makandulo. Zonsezi zinali za m'khitchini, zokonzedwa ndi manja a amayi. Mu 1848 nyuzipepala ina ya ku London inasindikiza chithunzi cha Mfumukazi Victoria ndi mwamuna wake Albert, amene anali wa ku Germany, ataimirira ndi ana awo mozungulira mtengo wotere. Angerezi ataona zimenezo, aliyense anafuna wake. M'mudzi wina wotchedwa Lauscha, mabanja a amisiri a galasi ankauzira timipira tonyezimira m'nyumba zawo, ndipo kuyambira 1880 wamalonda wa ku America, F. W. Woolworth, anayamba kugulitsa timeneti m'masitolo ake.

Apa ndiye ndikufuna mumvetsetse, amayi. Chiyambire, anthu akhala akupachika pa mtengowu zinthu zimene zikuwazizwitsa pa nthawi yawo. Amisiri a ku Dresden ankapanga tisitima tapamadzi ndi tapamtunda ndi mapepala olimba, pakuti masiku amenewo sitima ndiye inali chodabwitsa. Ku Russia boma la Chikomyunizimu linaletsa Khrisimasi, koma mu 1935 linalola mtengowo kubwerera monga mtengo wa Chaka Chatsopano. Mtsogoleri wawo Khrushchev atakakamiza dziko lonse kulima chimanga, pa mitengo panayamba kulendewera tizimanga tagalasi. Inde, chimanga chathu chomwechi! Yuri Gagarin atauluka kuzungulira dziko lapansi mu 1961, panalendeweranso tianthu tovala zovala za mumlengalenga. Kotero mwana wa lero amene akupempha munthu-kangaude sakuyamba zachilendo. Akungochita zimene ana a mibadwo ina anachita ndi sitima.

Malonda a tizidole ta anthu a m'kanema anakulira ku America. Kampani ya Hallmark, ya ku Kansas City, inayamba kutulutsa zokoloweka zake mu 1973, ndipo chaka choyambacho inali ndi timipira tagalasi 6 ndi tizidole taulusi 12. Taonani, zoyambirira zambiri zinali zaulusi, ntchito yathu yomweyi. Mu 1991 inatulutsa kachombo kotchedwa Enterprise, ka m'sewero la pa wailesi yakanema la Star Trek, limene linayamba mu 1966. Kachomboko kankayaka magetsi, ndipo anthu anakalimbirana mpaka kutha m'masitolo. Ogula ambiri sanali ana ayi, koma akuluakulu okonda za sayansi, za makompyuta ndi nthano za mumlengalenga, amene anakula ndi sewerolo. Koma si onse amene amakhutira ndi za m'sitolo. Ena, makamaka amayi ndi atsikana, anayamba kudzipangira okha. Anatengera kalukidwe ka ku Japan ka tizidole tolongedwa thonje, kotchedwa amigurumi, ndipo msika wa pa intaneti wa Etsy utatsegulidwa mu 2005, anapeza pogulitsira.

Tsono funso loyamba: kodi tiluke? Ine ndikuti inde, lukani. Ndamvapo ena akunena kuti amenewa ndi mafano, ena natchula Yeremiya mutu 10. Koma mneneri pamenepo akunena za mtengo wosemedwa kuti ukhale mulungu woopedwa, ndipo analemba zaka zoposa zikwi ziwiri mtengo wa Khrisimasi usanayambe. Tonsefe tinaumbapo ng'ombe zadothi, alongo athu anapanga magalimoto amawaya, ndipo palibe amene anazigwadira. Komabe sindikunena kuti tiluke chilichonse chimene mwana watchula. Musanagwire singano, mkhazikeni pansi mwanayo ndi kumfunsa: ameneyu ndani, amachita chiyani, iwe ukumkonderanji? Mudzadabwa kuti mwana uja mumati sayankhula, wangoti maso pa lamya, alankhula mpaka nsima kuzizira. Mudzamva kuti Spider-Man, amene nkhani yake inayamba mu 1962, ndi mwana wamasiye woleredwa ndi abambo ake aakulu ndi akazi awo, mnyamata wosauka amene amathandiza anthu osalipidwa. Ndi angati mwa ife amene akulera ana amasiye? Mudzamvanso za ena amene ntchito yawo ndi kupha ndi kuopseza, a zigaza ndi magazi. Amenewo mukane, ndipo mumuuze mwanayo chifukwa chake. Kwa ine kucheza kumeneko ndi kwa mtengo wapatali kuposa kachidole komweko, pakuti ana athu ambiri akukhala m'dziko limene ife sitinalowemo, ndipo khomo lake ndi laling'ono chonchi.

Kapangidwe kake si kovuta kwa mayi amene analukapo madoilo. Pafupifupi zonse zimayambira pa kampira. Ndi singano yangowe ija, yambani ndi mfundo 6 mozungulira, mzere wachiwiri zikhale 12, wachitatu 18, wachinayi 24. Lukani mizere inayi kapena isanu osawonjeza, kenaka chepetsani momwe munawonjezera, ndipo musanatseke longanimo thonje kapena tizidutswa ta nsalu. Kampira kameneko mukaluka theka lofiira, theka loyera, ndi mzere wakuda pakati, mwapanga kampira ka Pokémon, masewera a ku Japan amene anayamba mu 1996, ndipo mwana aliyense akazindikira ali patali. Mukaluka kofiira kokhakokha, ndi kusokerapo maso awiri oyera aakulu ndi timizere takuda ngati ukonde, ameneyo ndi kangaude uja. Osadziwa kuluka adule katoni mozungulira, aikute ndi nsalu, asokerepo chizindikiro cha mleme. Ana sasamala za ukatswiri wa mfundo zanu, koma utoto ndiye musalakwitse, adzakuuzani pamaso kuti ameneyu si iyeyo.

Machenjezo angapo. Ngati m'nyumbamo muli mwana wosakwana zaka 3, maso asakhale a mabatani kapena mikanda. Asokeni ndi ulusi, popeza mwana akhoza kumeza. Kachidole kapepuke kuti nthambi isawerame. Kandulo asayandikire ulusi. Ndipo mudzaona pa lamya azungu akuumba zokoloweka ndi ufa wa tirigu wosakaniza ndi mchere. Kwawo December ndi nthawi yozizira, m'nyumba muli moto ndipo ndi mouma. Kuno ndi dzinja, mchere umakoka chinyontho, ndipo zidzafewa ndi kuchita nkhungu. Ufawo phikirani ana mandasi.

Funso lachiwiri ndilo la malonda, ndipo pano ndilankhula mosapsatira, chifukwa ndikudziwa kuti thumba la bungwe lathu limadalira manja athu. Anthu a m'kanemawa ali ndi eni ake. Spider-Man ndi wa kampani ya Marvel, imene Disney inaigula mu 2009. Mu November 2019 Disney inaonetsa sewero la The Mandalorian, mmene munali kamwana kobiriwira ka makutu aatali, kamene anthu anakatcha Baby Yoda. Pofuna kusunga chinsinsi cha sewerolo, kampaniyo sinakonzeretu zidole zake, kotero Khrisimasi inafika m'masitolo mulibe. Oluka ndi osoka anapezerapo mwayi, nagulitsa kwambiri pa Etsy. Mu January 2020 Disney inadandaula, ndipo malonda a ena mwa iwo anachotsedwa pamsikapo. Ganizani mayi amene anagula ulusi wambiri ndi kulandira maoda. Zinthu zimenezi zimatetezedwa nthawi yaitali: Mickey Mouse woyambirira, wa mu 1928, anamasuka ku America pa 1 January 2024, patapita zaka 95, ndipo amene anamasukayo ndi wakale yekhayo. Kuno kwathunso lamulo loteteza umwini wa ntchito zaluso lilipo, la mu 2016. Wina adzati, kodi a Disney angafike pa tebulo lathu kuseri kwa tchalitchi? Mwina sangafike. Koma ife timadandaula mnzathu akaonera kalukidwe kathu ndi kukagulitsa ngati kake. Kulukira mdzukulu mphatso ndi nkhani ina, kuika pa tebulo la bungwe ndi mtengo wake ndi nkhani inanso, ndipo yachiwiriyi tiyeni tiisiye.

Tigulitse chiyani tsono? Zathu. Kalulu alibe kampani, Kamba ndi Fisi chimodzimodzi. Lukani kachambo, kankhokwe, kamtondo ndi munsi wake, kaminibasi kodzaza katundu pamwamba, kamayi kobereka mwana ndi kachidutswa ka chitenje. Makoko a chimanga, mlaza ndi zitsekerero za mabotolo tili nazo zosagula. Ana athu a kunja aja, amene mitengo yawo yadzaza zofanana ndi za anansi awo, zimenezi ndi zimene sangazipeze ku sitolo iliyonse ya ku London.

Lotsala ndi la m'tchalitchi. Munthu-kangaude akhale pabalaza, m'nyumba ya mapemphero asalowe. Kumeneko tili ndi chitsanzo cha mayi mnzathu, Frances Kipps Spencer, wa mpingo wa Lutheran ku Danville, m'chigawo cha Virginia ku America. Mu 1957 iye anaona kuti zonyezimira za m'sitolo sizikuyenera mtengo wa m'tchalitchi, ndipo anayamba kupanga zizindikiro za Khristu zimene Akhristu oyambirira ankagwiritsa ntchito: mtanda, nsomba, nkhunda, nangula, chisoti chachifumu. Anazitcha Chrismon. Utoto wake ndi uwiri wokha, woyera ndi wagolide, ndipo mwambo wake ndi wakuti zipangidwe ndi manja, zisagulidwe kapena kugulitsidwa. Mipingo yambiri ya mitundu yosiyanasiyana inatengera nzeru imeneyi. Kumene abusa ndi akulu a mpingo avomereza mtengo m'tchalitchi, nsalu yoyera ndi mikanda yachikasu zikwanira.

Amene akufuna kutumiza kunja ayambe mu September, kuti apeze wapaulendo wowatengera nthawi ikadalipo. Pa msonkhano wotsatira aliyense abwere ndi singano yake, zotsalira za ulusi wofiira, woyera ndi wakuda, ndiponso dzina la chidole chimene mdzukulu wake watchula, lolembedwa papepala ndi mwanayo, pakuti ena mwa mainawa lilime lathu silingawathe.