Mlendo alandiridwe, koma mwini asatuluke m'nyumba

Mau olankhulidwa kwa atsogoleri a Chipani ndi antchito a Boma ku Karonga



Ufulu umene Malaŵi analandira m'chaka cha 1964 sungakhale wathunthu ngati chuma cha dziko chili m'manja mwa alendo okhaokha. Anthu a ku Karonga sasoŵa wowauza zimenezi, pakuti anaziona ndi maso awo.

Kampani ya Mandala inatsegula sitolo kuno m'chaka cha 1884, ndipo minyanga ya njovu inkachoka padooko lino kukalemeretsa eni kampaniyo ku Glasgow. M'chaka cha 2009 mgodi wa yureniyamu unatsegulidwa ku Kayelekera. Kampani ya Paladin ya ku Australia inatenga magawo 85 mwa magawo 100, Boma linatsala ndi 15. Mtengo wa yureniyamu utagwa, kampaniyo inaimitsa ntchito m'chaka cha 2014. Chigamulocho chinamangidwa ndi eni ake akutali, koma amene anabwerera kumudzi chimanjamanja anali ana a kuno. Mgodiwo unagulitsidwa kwa kampani ya Lotus mu 2020, nuyambanso ntchito mu 2025. Mwini wamkulu ndi mlendo ndithu.

Nchifukwa chake malire ndi ofunika. M'chaka cha 2012 amalonda a ku Karonga anadandaula kuti sitolo za alendo ochokera ku China zikuwalanda msika, ndipo chaka chomwecho lamulo linati alendo azichita malonda otere m'mizinda inayi yokha: Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba.

Koma lamulo lokha silikwanira. Pofika 1978 amalonda Achimwenye anali atachotsedwa m'midzi, koma sitolo zambiri zimene anasiya zinatsekedwa, chifukwa oloŵa m'malo analibe mpamba ndiponso luso losunga mabuku. Anthu akumidzi anavutika kupeza mchere ndi palafini.

Chotero ntchito ili pa atsogoleri. Wopereka ziphaso asagulitse dzina la Boma. Mmalaŵi asabwereketse dzina lake kwa mlendo kuti sitolo ioneke ngati yake. Amalonda aang'ono asonkhe mpamba pamodzi, ndipo anyamata ndi atsikana aphunzire ntchito za migodi, kuti gawo la dziko likadzakula adzapezeke olisamala.

Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Alandiridwe ndi ulemu, abwere ndi chuma ndi nzeru zake. Koma anatinso mlendo ndi mame. Dzuŵa likakwera, wotsala pamunda ndi mwini wake.