Matope okumbira mjigo: tiziyang'anira tokha

Ine ndine mlimi wa chinangwa konkuno ku Cobue, koma ndinagwirako ganyu yotunga madzi pokumba mjigo. Ndiye ndati ndikugawireni zomwe ndinaphunzira za matope aja.

Kuno kunyanja malo ambiri ndi amchenga. Akamaboola, mchenga umagumukira m'dzenje. N'chifukwa chake okumba amayamba akonza maenje pambali, n'kusakaniza madzi ndi ufa wa dothi lotchedwa bentonite, lomwe limapezekanso ku Boane, kufupi ndi Maputo. Likanyowa limafufuma ngati phala. Phalalo amalipopera pansi kudzera m'mapaipi. Limaziziritsa chitsulo choboolera, limanyamula mchenga kubwera nawo pamwamba, komanso limamata khoma la dzenje monga amazirira nyumba amayi.

Luso lagona pa kalimbidwe kake. Likakhala lamadzimadzi, mchenga sukwera. Likalimbitsa, pampu imalephera kukankha. Ndiye amaliyesa ndi fanelo: muyeso wa pafupifupi lita imodzi ya madzi okhaokha umadutsa m'masekondi 26, pomwe phalalo limachedwerapo. Madzi akakhala oti dothilo silikufufuma bwino, amathiramo soda. Ena amawonjezera polima, mankhwala oterera ngati therere.

Tsono mvetserani apa abale anga. Matope omwe amagwira khomawo ndi omwenso angatseke njira za madzi. Akaika mapaipi ndi timiyala, ayenera kutsuka dzenjelo ndi mpweya wa kompuresa mpaka madzi atayera mbee, kenako n'kuthira klorini. Akachita zothamanga, mjigo umangodontha, ife n'kubwereranso kukamwa m'nyanja. Pajatu kolera ya 2022 ija inayambira m'boma lathu lino la Lago.

Choncho a komiti ya madzi, musamachoke pamalopo. Muzifunsa: mwathiramo chiyani? Mwatsuka maola angati? Okumba pamanja ena amathira ndowe za ng'ombe kuti phala lilimbe. Zimenezo tizikana, awo ndi madzi akumwa. Ana ndi mbuzi asayandikire maenjewo, ndipo ntchito ikatha akwiriridwe.

Inu mafumu athu, chonde musasaine pepala madzi asanayere. Mlendo ndi mame. Galimoto lawo likangolowa msewu wa ku Metangula, mjigo watsala ndi ife.